Diresi la Mizere

"Chingwe chimenecho musazule, bambo aakulu."

Bamboyo anali atawerama kale kuseri kwa tebulo, dzanja lili pa pulagi. Anatembenuza khosi n'kuyang'ana mwana wa mng'ono wake, yemwe chimalizireni maphunziro a zachipatala aliyense pabanjapo ankangomutcha Namwino. Mtsikanayo anali ataima pakhomo la chipindacho, atanyamula makapu osatsuka amene olira maliro anawasiya paliponse m'nyumbamo.

"Nanga ndiinyamula bwanji ili yomangika kukhoma?"

"Mukaizimitsa siitsegukanso. Pasiwedi yake ankaidziwa ndi ababa okha."

"Ababa akowo tawaika m'manda. Kompyuta nayo ikudikira ndani?"

"A Magalasi, anzawo a ababa aja, akubwera. Anandipempha kumanda konko kuti tisaigwire mpaka atafika."

Bambo aakulu anaweramuka akudzisisita m'chiuno. Anali atanena kale dzulo lake, pamaso pa achibale, kuti kompyutayo ipita kwa mwana wawo wamwamuna amene ali ku koleji, ndipo panalibe amene anatsutsa.

"Mlendo azilamula katundu wa mng'ono wanga ine ndili moyo," iwo anatero. "Chabwino, tidikira. Koma galimoto ili panjayo ndi yobwereka, mwini wake akuifuna dzuwa lisanalowe."

Kompyutayo inali chiyakire kuyambira tsiku limene mwini wake anamwalira. Kafani ka m'kati mwake kankangolira chapansipansi, ndipo sikirini inali itada yokha. Masana a tsiku limenelo, amayi ake a Namwino anaitana ali kukhitchini kuti chakudya chapsa. Kuchipinda kunachokera yankho la masiku onse, loti ndikubwera. Yankho limeneli ndi limene linawapatsa malemuwo dzina, moti ngakhale ana a m'nyumba zoyandikana ankawadziwa kuti a Ndikubwera. Amayiwo anadya okha, anavundikira mbale ya amuna awo, n'kukhala pansi kuchonga makope a ana a sukulu. Kutayamba kuda analowa m'chipindamo kukatseka windo, ndipo anawapeza atatsamira mutu pamkono, thupi litazizira. Dokotala anati ndi mtima. Anawonjezera kuti akanafika nawo msanga mwina zikanatheka, ndipo Namwino, amene ankadziwa kuti dokotalayo sakunama, analakalaka akanangokhala chete.

Anapita ndi makapu aja kukhitchini. Amayi ake anali pa sinki akukwecha poto yemwe anali woyera kale.

"Bambo ako aakulu akufuna chiyani kumeneko?"

"Kompyuta."

"Apatse. Ndi tebulo lomwe, ngati likwana m'galimoto."

"Muli ntchito ya ababa imene sanamalize, amayi. Ikazima basi yatayika."

"Ntchito ndi ija munthu amapitako m'mawa n'kubwerako madzulo. Ya ku ofesi ya inshuwalansi ija inali ntchito, ndipo ankabwerako. Ya m'chipindamo anapitako iwe ukukwawa. Sanabwereko."

Namwino anayamba kutsuka makapu. Iye ankakumbukira msana wa bambo ake kuposa nkhope yawo. Ali mwana ankakhala pansi pa tebulo lija n'kumasewera ndi zingwe za nsapato zawo, ndipo nthawi zina dzanja linkatsika n'kumugwira pamutu, maso ali pa sikirini. Kwa iye zimenezo zinkakwana. Sanadzifunsepo ngati zinkakwana kwa amayi ake.

A Magalasi anafika tiyi wa masana atazirala. Anali munthu wamtali, wowonda, wa magalasi okhuthala amene anawapatsa dzinalo ali pasukulu limodzi ndi malemuwo. Anakhala kumapeto kwenikweni kwa sofa, chikwama chili pamiyendo, ngati munthu wodikira basi. Atapepesa za maliro anatulutsa kafulashi kosungira mafailo m'thumba la shati n'kumakatembenuza m'zala.

"Sinditenga nthawi yaitali, mayi. Ndingokopera zimene anzanga anasiya, kenako kompyutayo muchite nayo zimene banja lagwirizana."

"Zimene anasiyazo ndi chiyani?" anafunsa amayi. "Zaka zonsezi ndakhala ndikumva kuti ndatsala pang'ono. Lero mundiuze chimene chinkatsalacho. Ndine mphunzitsi, ndimva."

A Magalasi anakankhira magalasi awo m'mwamba.

"Chithunzi chilichonse cha pa foni kapena pa kompyuta ndi timadontho, tambirimbiri. Mukafuna kuchichepetsa kuti chikwane pa sikirini, simungangotaya timadontho tina, chifukwa chimaoneka chokukutika. Ndiye kadontho katsopano kalikonse kamapangidwa posakaniza timadontho takale toyandikana. Tapafupi timalowamo kwambiri, tapatali pang'ono. Ife timati sefa. Kompyuta imachulukitsa n'kuphatikiza, kuchulukitsa n'kuphatikiza, pa kadontho kalikonse. Masamu ake ndi omwe mumaphunzitsa ana anu aja, koma kuchuluka kwake makina ofooka amachita kupuma wefuwefu."

"Ndiye anzanuwo ankatani?"

"Ankadula masamuwo. Kale pulogalamu yathu inkatenga gulu lonse la timadontho tozungulira nthawi imodzi. Iwo anaisintha kuti iziyamba yadutsa mopingasa, mzere ndi mzere, kenako motsika. Chithunzi chimatuluka chomwecho, koma ntchito yachepa kutalitali. Kenako anaona kuti manambala a sefa amangobwerezabwereza, ndiye anakonza zoti aziwerengedwa kamodzi n'kusungidwa. Pamene pulogalamu inkataya nthawi kuchulukitsa ndi ziro, anachotsapo. Chaka chino anali pa za m'mphepete. Kadontho ka m'mphepete mwa chithunzi kalibe anansi mbali imodzi, choncho pulogalamu inkaima pa kadontho kalikonse, ngakhale ka pakatikati, kudzifunsa ngati yafika kumphepete. Iwo anapeza njira yoti isamafunse. Anandilembera kuti atumiza akamaliza kuyesa. Sanatumize."

Bambo aakulu, amene ankamvetsera atapinda manja, anasendera kutsogolo.

"Zonsezo n'zabwino. Amene amawalipira ndani? Popeza ngati pali kampani, iyenera kulankhula ndi banja."

"Palibe kampani, bambo. Pulogalamuyi ndi yaulere. Timailemba anthu a m'mayiko osiyanasiyana, aliyense pa nthawi yake yopuma, ndipo wofuna amangotenga."

"Ulere?"

"Eya. Ili m'mafoni, m'mashopu ojambula zithunzi, mwina ngakhale m'makompyuta a kuchipatala kumene mwanayu amagwira ntchito."

Bambo aakulu anaseka m'mphuno n'kutsamiranso.

"Ndinkamuuza ine. Mutu ngati umene uja, anzake akumanga nyumba zosanja, iye akusefa madontho."

Amayi sanawayang'ane n'komwe alamu awowo. Maso awo anali pa a Magalasi.

"Za m'mphepetezo zikatheka, chithunzi chimodzi chizifulumira bwanji?"

"Pa foni yakale?" A Magalasi anaganiza kaye, poti sanali munthu woyankha mongoyerekeza. "Ngati kuphethira kwa diso. Mwina osakwana."

"Kuphethira."

"Koma zithunzi zake n'zosawerengeka, mayi, tsiku lililonse, dziko lonse. Mukaphatikiza zonsezo ndi zaka za anthu zimene anzanga anapulumutsa. Ndipo anali munthu wabwino kwa aliyense. Wina akalemba kuti pulogalamu yamuvuta, ngakhale munthu wosamudziwa, ankamuyankha tiyi asanazizire."

"Ine ndinkayankhidwa mawa lake," anatero amayi. Anadzuka n'kukonza nsalu ya patebulo imene sinali yokhota. "Tiyeni ndikaone nanenso. Ndione mkazi mnzanga."

Onse analowa m'kachipinda kaja, moti munalibe potembenukira. A Magalasi sanafune kukhala pamalo pa mnzawo. Anagwada pambali pa tebulo n'kugwedeza mausi, sikirini n'kuyaka.

Mbali imodzi inali yakuda, yodzaza manambala. Mbali inayo kunali chithunzi chimodzi chobwerezedwa kambirimbiri, china chachikulu ngati buku, china ngati chikhatho, mpaka kena ngati chikhadabo. Chinali cha mayi wachitsikana atakhala pa masitepe a nyumba, dzanja litatchinga dzuwa pamphumi, akuseka ndi amene ankamujambulayo. Anavala diresi la mizere yopyapyala, yoyera ndi yakuda.

Namwino anali asanachionepo chithunzicho. Anatenga kanthawi kuti azindikire amayi ake.

Amayiwo anayandikira. Dzanja lawo linapita pachifuwa, ndipo nkhope imene inali youma chiyambire maliro inafewa pang'ono.

"Ndi tsiku limene tinalowa m'nyumba yathu yoyamba," ananena motsitsa mawu. "Tinalibe ngakhale mphasa. Anabwereka kamera kwa inu nomwe, a Magalasi." Analoza chithunzicho. "Ankachiyang'ana chimenechi?"

"Tsiku lililonse. Akasintha kalikonse m'pulogalamu ankayesera pa chimenechi."

"Zaka zonsezi?"

"Zonsezi, mayi."

"Chifukwa chiyani chimenechi?"

Namwino anawayang'anitsitsa a Magalasi, akuwapempha ndi maso kuti aname kamodzi kokha. Koma bamboyo maso ake anali pa sikirini, ndipo anayankha ngati mmene akanayankhira wophunzira.

"Mizereyo. Sefa ikalakwika pang'ono pokha, mizere yopyapyala imayamba kuvina, imapanga timafunde tomwe pa nsalupo palibe. Pa diresi limeneli cholakwika sichibisala. Taonani."

Anazunguza kagudumu ka mausi. Chithunzi chachikulu chija chinakula, masitepe anatuluka m'mphepete, dzanja linatuluka, nkhope inakwera n'kusowa pamwamba. Panatsala nsalu yokha, mizere yoyera ndi yakuda yodzaza sikirini yonse.

"Apa ndi pamene ankayang'ana," anatero a Magalasi. Atatembenuka n'kuona nkhope ya amayiwo m'pamene anazindikira zimene achita. Anachotsa dzanja pa mausi ngati watentha.

Kwa kanthawi munkangomveka kafani kaja.

"Diresi limenelo ndinaling'amba n'kumakolopera iwe usanayambe sukulu," amayi anauza Namwino. "Chigamba chomaliza chinathera pakhomo la chipinda chino. Ankachiponda polowa. Sanafunse."

"Ababa ankatikonda, amayi."

"Sindinati ankatida. Munthu wodana nawe amakuyang'ana."

"Musatero pamaso pa anthu."

"Anthu ake ati? Awa ndi alamu anga, awa ndi anzawo. Onse akudziwa kuti mwamuna wanga anafa masana ine ndili kuseri kwa khomali ndikuchonga makope. Ndamva mmene azakhali ako ankanong'onera kumaliro, kuti mkazi wanji wosasuzumira mwamuna wake tsiku lonse." Mawu awo sanakwere. "Akanakhala munthu wobwera akaitanidwa, ndikanadziwa kuti china chalakwika. Ndikanathamanga mbale isanazizire. Koma ndinavundikira ngati masiku onse. Anandiphunzitsa okha kusawafunafuna, ndipo ndinakhoza bwino."

Bambo aakulu anayang'ana pansi. Zonong'onazo zinayambira kwa mlongo wawo, ndipo iwo sanamuletse.

"Alamu, pamaliro anthu amalankhula zambiri," anatero.

"Amalankhuladi." Amayi anatembenukira kwa a Magalasi. "Koperani zanuzo. Sindikufuna mawa anthu a m'mayiko anuwo azinena kuti mkazi wake anatentha ntchito ya munthu wamkulu. Koma chithunzi changacho muchichotsemo. Chimenecho si chanu."

A Magalasi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kumapeto kwa shati. Popanda magalasiwo nkhope yawo inkaoneka ya munthu wina, wokalamba.

"Muno ndikhoza kuchichotsa, mayi. Koma anachiika m'gulu la zithunzi zoyesera kalekale. Aliyense amene anatengapo pulogalamuyi kuti aikonze ali nacho. Sindingachiitanitse."

"Ndi angati?"

"Sindikudziwa. Ambiri."

"Akudziwa kuti ndine ndani?"

"Ayi."

"Nanga amachitchula chiyani? Chili ndi dzina?"

Bamboyo anazengereza, kenako analoza pakona ya sikirini pamene panali dzina la failo. Amayi anawerama n'kuwerenga okha, mokweza, ngati akuitana dzina la mwana m'kalasi.

"Mizere."

Anaseka. Sikunali kuseka kwautali, ndipo palibe amene anawathandiza.

A Magalasi analowetsa kafulashi kaja n'kuyamba kukopera. Podikira, maso awo anapita ku mbali yakuda ija, ndipo anayamba kuwerenga manambala, chala chikutsika pang'onopang'ono. Atafika pansi chala chinaima.

"Kwatani?" anafunsa Namwino.

"Kuyesa kunamaliza. Zonse zinadutsa, palibe ngakhale chimodzi cholakwika. Njira yawo ija inatheka." Analozanso sikirini. "Anaiyambitsa chakumasana, inamaliza madzulo a tsiku lomwelo."

"Ababa anaona?"

A Magalasi anayang'ana nthawi yolembedwa pamzere womaliza, n'kupukusa mutu.

"Ndiye anafa akudikira," anatero amayi. "Analawako."

Namwino anatuluka n'kukaima m'khitchini, manja atagwira m'mphepete mwa sinki. Ankafuna kuwakwiyira amayi ake koma mkwiyowo sunkagwira. Kuchipatala anaonapo akazi amasiye akudzigwetsa pansi, ena akukomoka, ndipo ankadziwa chowachitira. Wotere anali asanamuonepo. Anasamba kumaso n'kubwerera.

Anapeza a Magalasi akubweza kafulashi m'thumba la shati n'kumanga batani.

"Tikatulutsa pulogalamu yatsopano tidzalemba dzina lawo pamwamba," iwo anatero. "Anthu adziwe."

"Lembani," anatero amayi. "Mwamaliza?"

"Ndamaliza."

Bambo aakulu anayamba kuwerama, koma amayi anawagwira paphewa.

"Ndisiyireni, alamu."

Anagwada okha, analowetsa mkono kuseri kwa tebulo n'kuzula pulagi. Mizere ija inazima. Kafani kanazungulira pang'ono n'kuima, ndipo m'nyumba monse munangoti zii, bata limene Namwino sanalimvepo chibadwire. Kunja kunamveka wogulitsa makala akudutsa ndi njinga yake.

A Magalasi anatsanzika. Pakhomo anauza bambo aakulu kuti mnyamata wa ku kolejiyo akapite nayo kwa okonza makompyuta, akafafanize zonse n'kuikamo zatsopano, igwira ntchito bwinobwino. Anafuna kunenanso kanthu kwa amayi, koma anangowerama n'kutsika masitepe.

Bambo aakulu ananyamula kompyuta, kenako sikirini, kenako anabwerera kudzatenga zingwe zimene Namwino anazikulunga. Tebulo analiyeza ndi mikono n'kuona kuti silikwana m'galimoto. Ataima pakhomo anayang'ananso m'chipindamo ngati munthu amene akuopa kuiwala kanthu.

"Mpandowo, alamu. Mnyamata uja amawerengera pabedi. Inu muchita nawo chiyani?"

"Tengani."

Unali mpando wamba wathabwa, wolemera, wothetheka pamene pamatsamira msana. Amayi anaugwira n'kuukoka kuti autulutse pansi pa tebulo. Unayenda pa simenti osalira ngakhale pang'ono.

Anaima. Anaukankha, n'kuukokanso. Unali chete.

Anaupendeketsa n'kuyang'ana kunsi. Pansi pa mwendo uliwonse panali pomata kachidutswa ka patapata, kodulidwa mozungulira bwino kuti kafanane ndi mwendowo. Sikanali kamodzi. Pamene kakale kanaperepeseka, ankamatapo kena pamwamba pake, kobiriwira pa kofiira, kofiira pa kakuda, mpaka takale kwambiri tinachita kuphwatalala ngati pepala. Chipindacho malemuwo ankasesa okha poopa kuti wina angasokoneze zingwe, choncho panalibe amene anautembenuzapo mpandowo.

"Ndi chiyani chimenecho?" anafunsa Namwino.

Amayi ake anayang'ana khoma limene linalekanitsa kachipindako ndi chipinda chawo chogona.

"Ndinadandaula kamodzi kokha, iwe uli wakhanda. Ndinati mpando wanuwo ukumandidzutsa." Anayendetsa chala pa labala uja. "Ndinkatanthauza kuti azibwera kudzagona."

Anayesa kukanganula kamodzi ndi chikhadabo, koma kanali komata zolimba. Anayesanso mpaka chikhadabo chinapindika, kenako anasiya.

"Alamu, dzuwa likulowa," anatero bambo aakulu mofatsa. "Ndiunyamule?"

"Galimoto ya eni ake ikuchedwa. Pitani. Mnyamatayo ndimugulira wina."

Anadikira mpaka mapazi a alamu awo atatha kumveka pa masitepe. Kenako anauimika mpandowo, n'kuukankhira pansi pa tebulo lopanda kanthu, ndipo unalowa osadzutsa aliyense.